Asilikali a ku Ireland amene anatsikira pagombe la Gallipoli mu 1915: n'chifukwa chiyani kwawo anachedwa kuwakumbukira?

Nankhoma wa ku Dublin analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndakhala mumzinda wa Dublin kwa zaka zingapo tsopano, ndipo popeza safunsa anadya phula, ndabwera ndi funso limene lakhala likundivuta kuyambira mwezi wa Epulo. M'bandakucha wa pa 25 mwezi umenewo, mnzanga wa kuntchito amene kwawo ndi ku New Zealand ananditengera kumanda a asilikali a Grangegorman, kumene anthu a ku Australia ndi a ku New Zealand okhala kuno amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira anyamata awo amene anafera ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Ine ndinapita ngati woperekeza chabe, podziwa kuti mwambowo ndi wa eni ake. Koma pobwerera, bambo ena achikulire a konkuno anandiuza kuti m'mawa womwewo wa pa 25 Epulo 1915 asilikali a ku Dublin, a ku Cork ndi a ku Limerick nawonso anatsika m'sitima pagombe lina la dera lomwelo, ndiponso kuti a ku Ireland amene anatsala kumeneko sanachepe powayerekeza ndi a ku New Zealand.

Zimenezi zinandidabwitsa, chifukwa ku Australia ndi ku New Zealand tsikuli ndi latchuthi m'dziko lonse, pamene kuno anthu amapita kuntchito ngati kuti palibe chinachitika. Funso langa lili pawiri. Kodi chinachitika n'chiyani kwenikweni pagombe limenelo? Nanga n'chifukwa chiyani dziko limene limasamala kwambiri za maliro ndi za manda, monga mmene ndaonera ndi maso anga, linakhala chete kwa zaka zambiri chonchi pa za ana ake amenewa?

Mphunzitsi Wopuma analemba:

Zikomo mayi Nankhoma. Bambo amene anakuuzaniwo sananame. Ine ndiyankha mbali yoyamba yokha, ya zimene zinachitika pagombe, ndipo za ndale ndisiyira amene akukhala komweko.

Nkhondo itayamba mu 1914, ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira Turkey, unalowa kumbali ya Germany ndipo unatseka mpata wa nyanja wa Dardanelles, umene sitima zopita ku Russia zinkadutsamo. Winston Churchill, amene pa nthawiyo anali nduna yoyang'anira asilikali apamadzi a Britain, anakakamira maganizo akuti sitima zankhondo pazokha zikhoza kuboola mpatawo mpaka kukafika ku Constantinople, likulu la ufumuwo. Zinayesadi pa 18 Malichi 1915, koma zitatu, Bouvet ya France pamodzi ndi Irresistible ndi Ocean za Britain, zinamira zitagunda mabomba otcheredwa m'madzi. Apa m'pamene akuluakulu anaganiza zotumiza asilikali apamtunda motsogoleredwa ndi Ian Hamilton, koma panadutsa masabata asanu asilikaliwo asanatsike, ndipo m'masabata amenewo a ku Turkey, amene sanafunikire kuuzidwa kuti adaniwo abweranso, anakumba maenje obisalamo ndi kutchinga magombe ndi waya waminga.

Magulu awiri a ku Ireland amene tikuwanenawa anali 1st Royal Dublin Fusiliers ndi 1st Royal Munster Fusiliers, lililonse la asilikali pafupifupi 1,000. A Dublin anaitanidwa kuchokera ku Madras, ku India, ndipo a Munster kuchokera ku Rangoon, ku Burma. Anapatsidwa gombe limene pamapu a nkhondo linalembedwa ndi chilembo cha V, kunsonga ya kum'mwera kwa Gallipoli yotchedwa Cape Helles, m'munsi mwa linga lakale la Sedd el Bahr. Gombelo ndi lalifupi, mamita 300 okha kapena kucheperapo, ndipo mtunda wake umakwera mozungulira ngati mbale yodulidwa pakati, kotero kuti munthu amene ali pamwamba amaona chilichonse chimene chikuyenda pamadzi.

Mkulu wina wa asilikali apamadzi, Edward Unwin, anabwera ndi nzeru imene pokambirana inkamveka yabwino. Anatenga sitima yonyamula malasha yotchedwa River Clyde, anaboola makomo m'mbali mwake, anamanga timilatho totsetserekera kutsogolo, ndipo asilikali pafupifupi 2,000 anabisala m'mimba mwake, mmene kale munkakhala malashawo. Munali a Munster onse, ena a Hampshire Regiment ndi kagulu kamodzi ka a Dublin. Cholinga chinali kuititimiza dala mumchenga, kenako asilikali athamange pamwamba pa mabwato afulati olumikizidwa ngati mlatho mpaka kumtunda. A Dublin otsalawo anabwera m'mabwato opalasa, opanda chotchinga chilichonse.

Itangodutsa 6 koloko m'mawa, mizinga ya m'sitima zankhondo itasiya kulira, gombe lonse linali zii, ndipo ena m'mabwatomo anaganiza kuti pamtunda sipanatsale munthu. Asilikali a ku Turkey anali ochepa, mazana owerengeka okha, koma anadekha mpaka mabwato atayandikira, ndipo anaombera onse nthawi imodzi. A Dublin ambiri anafa ali chikhalire m'mabwato, atapanikizana phewa ndi phewa. Amene analumphira m'madzi akuya anamizidwa ndi katundu wawo yemwe, chifukwa aliyense anasenza chikwama chakumsana, zipolopolo 200 ndi chakudya cha masiku atatu. Mtsogoleri wawo, Richard Rooth, anaphedwa atangofika m'mphepete mwa madzi, ndipo wansembe wawo wa Katolika, bambo William Finn, amene anakana kutsala m'sitima, anafanso tsiku lomwelo akudalitsa ovulala.

River Clyde nayo inatitimira patali ndi mtunda kusiyana ndi mmene ankayembekezera, ndipo bwato limene linayenera kukhala tsinde la mlatho linapatukira kumbali. Unwin ndi mnyamata wake William Williams analumphira m'madzi, anakoka mabwato afulati aja ndi kugwira chingwe ndi manja awo kuti mlatho usaduke, mpaka Williams anaphedwa. A Munster anatuluka pamakomo aja mondondozana, ndipo popeza oomberawo ankadziwa bwino pamene munthu aliyense atulukire, ankagwa mmodzimmodzi pa timilathoto. Amene anafika kumtunda anapulumuka chifukwa cha kamtumbira ka mchenga kosafika n'komwe pakhosi pa munthu, ndipo anagona kuseri kwake tsiku lonse. Akuluakulu atazindikira kuti akungotaya anthu, analetsa otsalawo kutuluka, ndipo anthu pafupifupi 1,000 anadikira m'sitimamo mpaka mdima.

Mawa lake, pa 26 Epulo, otsalawo analanda mudzi wa Sedd el Bahr ndi kaphiri ka pamwamba pake motsogoleredwa ndi Charles Doughty-Wylie, amene anafera pamwamba pomwepo. Tsiku limeneli ndi limene William Cosgrove wa gulu la Munster, mnyamata wamtali wa ku Aghada m'chigawo cha Cork, ataona kuti zodulira waya zikulephera, anazula ndi manja mitengo imene wayayo inamangidwapo, ndipo analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima mwa asilikali a Britain. Pofika kumapeto kwa mwezi a Dublin anali atatsala ndi ofesala mmodzi yekha, Henry O'Hara, ndi asilikali osakwana 400, moti magulu awiriwo anawaphatikiza kwa masabata angapo kukhala gulu limodzi, limene asilikali eni ake analitcha Dubsters.

NaBanda wa ku Cork analemba:

Aphunzitsi afotokoza bwino za pagombe. Ine ndiyesa mbali yachiwiri, ndipo yankho langa lagona pa kalendala.

Pamene asilikaliwa ankatsika ku Sedd el Bahr, Ireland yense anali pansi pa ulamuliro wa Britain. Lamulo lopatsa dzikolo nyumba yamalamulo yakeyake linali litavomerezedwa mu Sepitembala 1914, koma linaimitsidwa mpaka nkhondo itatha, ndipo John Redmond, mtsogoleri wa chipani chimene chinalimenyera lamulolo, anauza anthu ake ku Woodenbridge mwezi womwewo kuti apite kunkhondo, poganiza kuti magazi awo adzatsimikizira lonjezolo. Anthu a ku Ireland oposa 200,000 anavala yunifolomu ya Britain pa nkhondoyo. Ndiye pa 24 Epulo 1916, Lolemba la Pasaka, tsiku limodzi lokha chaka chisanakwane chitsikireni pagombe lija, gulu la omenyera ufulu linalanda positi ofesi yaikulu ya Dublin ndi kulengeza kuti Ireland ndi dziko loima palokha. Mawa lake, pamene ku London, ku Sydney ndi ku Wellington ankachita mwambo woyamba wokumbukira Gallipoli, m'misewu ya Dublin munali kulira mfuti, ndipo ena mwa asilikali amene anatumizidwa kukathana ndi oukirawo anali a magulu ena a Royal Dublin Fusiliers omwewo.

Boma la Britain litaombera atsogoleri 14 a kuukirako m'ndende ya Kilmainham mu Meyi 1916, mitima ya anthu inatembenuka. Pa chisankho cha mu Disembala 1918 chipani cha Sinn Féin, chofuna kuti Ireland adziimire payekha, chinapeza mipando 73 pa mipando 105, ndipo chipani cha Redmond, amene anali atamwalira kale, chinangotsala dzina. Msilikali amene anachoka akuimbiridwa nyimbo anabwerera kudziko limene yunifolomu yake inali yochititsa manyazi. Pali nyimbo yotchuka ya nthawi imeneyo, imene imaimbidwabe m'malo omwera mowa kuno, imene imatchula Suvla, gombe lina la ku Gallipoli, ndi Sedd el Bahr, koma imawatchula pofuna kunena kuti kufera kwanu kunali kwabwino kuposa kukafera kumeneko. Mu 1922, dziko latsopano litabadwa, magulu a kum'mwera monga Dublin Fusiliers, Munster Fusiliers, Connaught Rangers ndi Leinster Regiment anathetsedwa, ndipo mbendera zawo zinakasiyidwa ku Windsor Castle, nyumba ya mfumu ya Britain, pa 12 Juni chaka chomwecho. Gulu la asilikali likatha, palibenso amene amaitanitsa mwambo wake chaka ndi chaka.

Chimene ine ndimaona kuti chinawapweteka kwambiri anthuwa n'chakuti kumpoto nako sanawatenge. A ku Northern Ireland amene anatsala ndi Britain ali ndi tsiku lawo, 1 Julayi 1916, pamene 36th Ulster Division inathera ku Somme, ku France, ndipo ngakhale kuti Royal Inniskilling Fusiliers anatsikanso ku Cape Helles pa 25 Epulo, pagombe la X, nkhani ya Gallipoli sinakhale yawo. Australia ndi New Zealand anapeza ku Gallipoli poyambira mbiri ya mitundu yawo, pamene mbali ziwiri za Ireland zinapeza poyambira pawo mu 1916, ina ku positi ofesi, ina ku Somme. Amene anafa mu 1915 anakhala ngati mwana wamasiye amene akuchimuna akuti ndi wa akuchikazi, akuchikazi akuti ndi wa akuchimuna.

Kamtsitsi analemba:

A NaBanda, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma pali malo awiri amene ndikuona kuti mwafupikitsa nkhani mopitirira muyeso.

Poyamba, amene anatsika pa 25 Epulo sanali anthu a Redmond. Aphunzitsi anena kale kuti anachokera ku Madras ndi ku Rangoon, kutanthauza kuti analowa usilikali nkhondo isanayambe, ambiri a iwo chifukwa cha umphawi wa m'nyumba zothithikana za Dublin ndi wa m'matauni a kum'mwera, kumene ntchito yausilikali inali yokhayo yopereka malipiro osadumphadumpha. Amene analembetsa nkhondo itayamba anabwera pambuyo pake, m'gulu la 10th Irish Division lotsogoleredwa ndi Bryan Mahon, limene linatsika ku Suvla Bay kuyambira pa 7 Ogasiti 1915. Kumeneko vuto silinali kutsika kwenikweni, koma kuzengereza kwa mkulu wa asilikali onse a ku Suvla, Frederick Stopford, amene anapatsa a ku Turkey mpata wokwera mapiri, komanso ludzu, chifukwa madzi akumwa sankafika kwa asilikali m'nyengo yotentha imeneyo. Pa 15 ndi 16 Ogasiti, paphiri la Kiretch Tepe, mabomba awo oponya ndi manja atatha, ena ankawakha mabomba a adani ndi kuwabwezera, ena ankagenda ndi miyala. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa maina amene anasungika bwino ndi a ku Suvla, makamaka a kagulu ka D ka 7th Royal Dublin Fusiliers, kamene munali maloya, akalaliki ndi ophunzira a kuyunivesite amene analembetsa pabwalo la masewera a rugby la Lansdowne Road. Mabanja awo anali ndi ndalama zoikira zikwangwani m'matchalitchi. Mwana wa wonyamula katundu padoko amene anamira pambali pa River Clyde analibe womulembera. Ndipo taonani mmene mbiri inapotera: Frank Browning, amene anasonkhanitsa anyamata a rugby aja, anaomberedwa ndi oukira mu Dublin momwemo pa Pasaka wa 1916.

Chachiwiri, kuiwalako sikunabwere tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1920 anthu zikwizikwi ankasonkhanabe ku College Green, pakati pa Dublin, pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira kutha kwa nkhondoyo. Mabuku asanu ndi atatu a maina a akufa, oposa 49,000, anasindikizidwa mu 1923. Boma latsopano linakana kuti chikumbutso chimangidwe ku Merrion Square, moyang'anizana ndi nyumba yamalamulo, koma linapereka malo ku Islandbridge m'mbali mwa mtsinje wa Liffey, linathandizapo ndi ndalama, ndipo munda wachikumbutso umene katswiri wa zomangamanga Edwin Lutyens anajambula unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi asilikali opuma. Mwambo wotsegulira, umene unakonzedwa kuti uchitike mu 1939, sunachitike, ndipo kuchokera pamenepo mundawo unayamba kumera tchire pang'onopang'ono mpaka unakonzedwanso ndi kutsegulidwa mu 1988. Choncho ine ndinganene kuti m'badwo umene unawadziwa anthuwa pamaso unawalira, ndipo chete anabwera ndi m'badwo wotsatira, umene kusukulu unaphunzitsidwa 1916 yokha.

Mlendo wa ku Çanakkale analemba:

Ndingowonjezerapo zimene munthu amaona akafika pamalopo, chifukwa ndinapitako. Manda a V Beach ali pamchenga penipeni, masitepe ochepa kuchokera pamadzi, ndipo muli asilikali pafupifupi 700, koma ambiri a iwo sadziwika kuti wagona apa ndi ndani. Rooth ndi bambo Finn ali momwemo. Pamwamba pa chitunda pali chipilala cha Helles, chotalika mamita oposa 30, chokhala ndi maina oposa 20,000 a anthu opanda manda odziwika, ndipo maina a ku Dublin ndi a ku Munster ndi ambiri pamenepo.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti pafupi pomwepo pali chikumbutso cha Yahya Çavuş, sajeni wa ku Turkey amene pamodzi ndi kagulu kake anateteza gombelo tsiku limenelo, ndipo mabasi odzaza ana asukulu amaima pamenepo mosalekeza. Kwa iwo malowa ndi pamene makolo awo analetsa adani kulowa, ndipo sitingawatsutse, chifukwa gombelo linali lawo. Asilikali a Britain anachoka ku Suvla mu Disembala 1915 ndi ku Helles usiku wa pa 8 Januwale 1916 osafika n'komwe paphiri la Achi Baba, limene ankayembekezera kulanda tsiku loyamba.

Za kukumbukira kwa boma la Ireland, pulezidenti Mary McAleese anafika ku Gallipoli mu Malichi 2010 ndipo anavundukula mwala wachikumbutso kumanda a Green Hill ku Suvla, patatha zaka 95. Wolowa m'malo mwake, Michael D. Higgins, anakhalapo pamwambo wa zaka 100 mu 2015.

Nankhoma wa ku Dublin analemba:

Ndathokoza kwambiri nonse. Mfundo ya a Kamtsitsi, yakuti ambiri analowa usilikali chifukwa cha njala osati chifukwa chokonda mfumu, yandikumbutsa chipilala cha King's African Rifles cha ku Zomba, chimene ndinkachidutsa ndili mwana osafunsa kuti maina olembedwapo ndi a yani. John Chilembwe, amene anatsutsa zoti anthu athu azikafera nkhondo ya azungu, anaukira mu Januwale 1915, miyezi itatu yokha River Clyde isanatitimire pamchenga uja, ndipo lero ali ndi tsiku lake latchuthi, pamene amtengatenga amene anafa atasenza katundu wa nkhondo yomweyo sindikudziwa ngati ana athu amawamva n'komwe. Sindikunena kuti nkhani ziwirizi ndi imodzi, koma tsopano ndikumvetsa chifukwa chake bambo aja ku Grangegorman ankalankhula motsitsa mawu.

Ndili ndi funso lina laling'ono kwa aphunzitsi. Mnansi wanga akuti agogo a bambo ake anali mu Munster Fusiliers ndipo sanabwerere, koma banja lawo silinasunge pepala lililonse. Kodi angayambire pati? Nanga sitima ija inathera kuti?

Mphunzitsi Wopuma analemba:

Mayi Nankhoma, mnansi wanuyo ayambire pa tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, limene limalola munthu kufufuza kwaulere polemba dzina la bambo ndi dzina la gulu. Ngati agogowo anafa pa 25 kapena pa 26 Epulo 1915, dzina lawo liyenera kupezeka pamanda a V Beach kapena pachipilala cha Helles, ndipo nthawi zina pamalembedwanso maina a makolo ndi msewu umene ankakhala. Akatero akaone kalembera wa anthu wa mu 1901 ndi wa mu 1911, amene National Archives of Ireland inaika pa intaneti, koma asadabwe akapanda kuwapeza mu 1911, chifukwa mwina anali kale kunja ndi gulu lawo. Ayesenso kalembedwe kangapo ka dzinalo, popeza alembi a usilikali ankasiya kapena kuwonjezera O ndi Mc koyambirira kwa maina mmene afunira.

River Clyde inakhala pamchenga uja nkhondo yonse, ndipo asilikali asanachoke ku Helles inkagwira ntchito ngati doko, mosungira madzi ndi mothandizira ovulala. Mu 1919 anaiyandamitsanso, anaikonza ku Malta, ndipo inagulidwa ndi amalonda a ku Spain, amene pambuyo pake anaitcha Maruja y Aurora. Inapitiriza kunyamula malasha ndi katundu wina mpaka mu 1966, pamene anaiphwasula ku Avilés kuti agulitse zitsulo zake.